Mabwalo a mpirawa mwini wake ndani kwenikweni?

Bwalo likatsekedwa kuti ndi losayenera gemu ya ligi, masapota timathamangira kutukwana FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, ndi SULOM yoyendetsa ligi yaikulu. Koma FAM imangoyendera n'kupereka chilolezo kapena kukana, yake yeniyeni ndi Mpira Stadium ya ku Chiwembe. Mabwalo enawa ali ndi eni ake. Kamuzu Stadium, yomwe atsamunda ankaitcha Rangeley kenako nthawi ya a Muluzi inali Chichiri, ndi ya boma, Bingu National Stadium ya ku Area 48 yomwe inatsegulidwa 2017 chimodzimodzi. Nankhaka ndi ya apolisi, Kalulu ndi Chitowe ndi za ku fakitale za shuga. Koma Mzuzu, Karonga, Dedza, Kasungu, Balaka, Mulanje Park, amenewa ndi a makhonsolo, ndipo nkhani yagona pamenepo.

Tibwerere kumbuyo. Nthawi ya Kamuzu chilichonse chimachokera kulikulu, khonsolo inalipo dzina lokha. Matipate atabwera mu 1994 kunayamba nyimbo ya mphamvu ku wanthu, ndiye mu 1998 kunatuluka ndondomeko yotsitsa mphamvu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'ono, lomwe linati misika, madepoti, maholo, malo osewerera, zonsezi aziyendetsa ndi makhonsolo, azitolera okha ndalama komanso kupanga malamulo awo am'deralo. Papepala zinali bwino kwabasi. Makhansala oyamba tinawavotera mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 basi ziii, zisankho kumangozisuntha mpaka 2014. Zaka 9 khonsolo ikuyenda opanda khansala, tangoganizani, ndiye DC kapena bwana wa mzinda akanena kuti chaka chino udzu wa pabwalo sitithirira amufunse ndani? Mu 2010 lamulo lija analikonzanso, ma MP n'kukhala ndi voti mu khonsolo ndipo DC kumasankhidwa ndi nduna, kutanthauza kuti munthu wosunga makiyi a bwalo lathu maso ake ali ku Capital Hill osati kwa ife okhala pa sitandi.

Mabwalo ena atsopano ngati la Karonga anamangidwa ndi ndalama za thumba la Local Development Fund n'kuwasiya m'manja mwa khonsolo. Kumanga n'kosavuta, pali riboni yodula, pali kuvina. Kusamala ndiye nkhondo. Pa ndalama za pageti mwini bwalo wakhala akutenga 25 peresenti akachotsa zolipira apolisi ndi ena, matimu akhala akudandaula kalekale kuti ndi zambiri pomwe zimbudzi zilibe madzi. Khonsolo nayo ili ndi mfundo yake, gemu yodzadza ndi ya Bullets kapena Wanderers akabwera, masabata enawo ndi anthu ochepa, ndalamayo ikalowa mu akaunti imakumana ndi malipiro a ogwira ntchito mu msika, mafuta a galimoto ya zinyalala, bilu ya magetsi, fetereza wa pa pitch amakhala kumapeto kwa mzere. N'chifukwa chake bwalo lomwelo Lachisanu kuli msonkhano wa chipani, Loweruka usiku shoo ya oimba kapena mapemphero, matenti kukhomera zikhomo pakati pa udzu, Lamulungu masana anyamata azithamangapo.

Ku Zomba ndiye tisakambe zambiri, sitediyamu ya pa Community ground inayamba kumangidwa ana ena ali ku pulayimale, anafika ku sekondale ikumangidwabe.