Galu akaluma mwana: uthenga kwa oweta agalu ndi makolo a ku Chipata

Uthenga uwu ukupita kwa aliyense amene ali ndi galu pakhomo, kaya ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika, ku Kalongwezi, kapena kumidzi ya ku Katete, Chadiza, Vubwi ndi Lundazi. Ukupitanso kwa makolo amene ana awo amalawirira kusukulu wapansi, kudutsa pamageti a anthu ndi m'tinjira ta m'komboni momwe agalu amagona.

Ikangomveka nkhani yoti galu wamkulu wang'amba mwana, anthu amapsa mtima, ndipo mawu amene amatuluka ndi akuti boma liletse agalu a mitundu ina monga pitbull, rottweiler ndi boerboel. Mkwiyowo ndi womveka. Koma galu amapha munthu m'njira ziwiri. Pali mano, pamene galu wamphamvu wagwira pakhosi kapena pamutu osasiya. Palinso chiwewe, chimene chimalowera ngakhale pakabala kakang'ono kolumidwa ndi kagalu kowonda ka m'mudzi, kopanda dzina la mtundu uliwonse. Yoyambayo imamveka pawailesi ndi pa Facebook. Yachiwiriyi imatenga anthu mwakachetechete, ndipo ndiyo tiyambire.

Chiwewe chimayenda bwanji m'thupi

Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pabala kamakwera pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukafika ku ubongo. Ulendowu nthawi zambiri umatenga miyezi iwiri kapena itatu, koma ungathe kutenga sabata imodzi yokha, kapena kufika chaka chathunthu. Bala likakhala kumaso, m'khosi kapena kumutu, njira imafupika. N'chifukwa chake mwana wamng'ono, amene nkhope yake ili pamsinkhu umodzi ndi kamwa la galu, ndiye ali pangozi yaikulu.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amanyengeka. Bala lapola, mwana akusewera mpira ndi anzake, nkhani yaiwalika. Kenako thupi latentha, mutu ukuwawa, pachipsera pakuyabwa kapena kuchita dzanzi, mwana sakukhazikika. Patapita masiku akulephera kumeza madzi ngakhale ludzu lamugwira, akunjenjemera akangoona kapu kapena mphepo ikamuwomba kumaso. Zikafika pamenepa palibe mankhwala ochiza, kuno kwathu ngakhale kumayiko olemera. Pafupifupi aliyense amamwalira m'masiku ochepa. Achibale amayamba kulozana zala kuti pali amene walodza, osakumbukira kagalu kamene kanamugwira mwendo miyezi itatu yapitayo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limayerekeza kuti anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ochuluka kwambiri a mu Africa ndi Asia. Mpaka 99 mwa 100 alionse amachitenga kwa galu, ndipo pafupifupi 40 mwa 100 ndi ana osakwana zaka 15. Chowawa n'chakuti katemera wake si wadzulo. Louis Pasteur anabaya mnyamata wa zaka 9 wolumidwa ndi galu wachiwewe ku France mu 1885, mwanayo n'kupulumuka. Zaka zoposa 130 zapita, ife tikuikabe ana m'manda chifukwa cha matenda omwewo.

Galu wachiwewe si nthawi zonse amakhala wolusa ndi thovu kukamwa. Wina amangofooka, chibwano chitagwa, malovu akutuluka, miyendo yakumbuyo ikukwakwaza. Wina amene anali wamantha amayamba kubwera pafupi ndi anthu, wofatsa n'kuyamba kuluma mitengo ndi miyala. Nkhandwe ikalowa m'mudzi masana osaopa anthu, musaiyandikire. Ng'ombe ndi mbuzi nazo zimadwala: ng'ombe imalira mosalekeza, ikuchucha dovu, ngati yatsamwa ndi chitsononkho. Alimi ambiri amapisa dzanja m'kamwa kuti achotse, ndipo m'menemo ndi momwe amatengera. Itanani a vetenale, ndipo nyama ya chiweto chofa chotere isagulitsidwe kapena kudyedwa.

Mukalumidwa, chitani izi tsiku lomwelo

Musanathamangire kwa mwini galu kukakangana, tengani sopo ndi madzi. Tsukani balalo kwa mphindi 15 zathunthu, madzi akuyenderera, wina akuthira ndi kapu kapena pampopi. Sopo aliyense, ngakhale wochapira zovala. Mphindi 15 n'zambiri, mwana adzalira, dzanja lidzatopa, koma kutsukaku kumachotsa ndi kupha gawo lalikulu la kachilomboko kasanalowe m'mitsempha. Ngati muli ndi mankhwala opaka pabala a ayodini kapena sipiriti, pakani mukamaliza. Malovu akalowa m'maso kapena m'kamwa, tsukuluzani ndi madzi ambiri.

Ena amameta ubweya wa galu yemwe waluma, n'kuuwotcha, n'kupaka phulusa pabala. Ena amathira tsabola, mchere, dothi kapena mafuta a galimoto. Zonsezi sizipha chiwewe, zimangoonjezera litsiro pachilonda. Musamangenso bala mothina.

Mukatero pitani kukiliniki tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale ngati kukanda kwa chikhadabo. Kunyambitidwa ndi galu pachilonda chakale nakonso n'kokwanira. Katemera wa munthu wolumidwa ndi jakisoni angapo obayidwa pa masiku osiyana, kuyambira tsiku loyamba, kenako pakapita masiku atatu, kenako pakapita asanu ndi awiri kuchokera pa jakisoni woyamba, ndi ena monga anamwino adzakulemberani pakhadi. Malizani onse, kusiyira panjira chifukwa bala lapola kapena ndalama ya basi yatha ndiko kumene kumataya anthu. Mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi khanda onse angabayidwe popanda vuto. Pa mabala akuya kapena a kumutu pali mankhwala ena otchedwa immunoglobulin amene amabayidwa m'bala momwemo, ndiponso adzaona ngati mukufunika jakisoni wa kafumbata. Musadabwe akakana kusoka balalo msanga, amatero dala.

Katemerayu akakhala kuti palibe pakiliniki yapafupi, musabwerere kunyumba kukadikira. Pemphani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu monga Chipata Central Hospital, Mwami kapena St Francis ku Katete. Mwina adzakuuzani kuti mukatengenso kalata kwa a vetenale kapena kupolisi. Katengeni, koma zamapepala zisachedwetse jakisoni woyamba.

Galu amene walumayo amangidwe pamalo otetezeka, azipatsidwa chakudya ndi madzi, ndi kumuyang'anira masiku 10. Akadwala, akafa kapena akasowa m'masiku amenewa, dziwitsani a vetenale ndi achipatala mwamsanga. Anthu akamupha chifukwa cha mantha, asaphwanye mutu ndipo asaugwire ndi manja, chifukwa chiwewe amachiyeza mu ubongo. Koma masiku 10 amenewa si odikira kuti muyambe katemera. Katemera amayamba lero.

Mawu amodzi kwa makolo. Ana ambiri amabisa akalumidwa, chifukwa anagenda galuyo, kapena analowa pamalo pomwe munawaletsa kukathyola mango, ndipo akuopa mkwapulo. Auzeni momveka kuti wonena za kulumidwa kapena kukandidwa ndi galu kaya mphaka sadzamenyedwa. Powasambitsa yang'anani miyendo ndi manja. Aphunzitseni kuti galu akamadya, akagona, kapena akakhala ndi tiana take sasokonezedwa. Kuti galu akawathamangira asathawe koma aime nji ngati chitsa, manja ali m'mbali, osamuyang'ana m'maso. Akagwetsedwa adzipinde, ataphimba nkhope ndi khosi.

Nanga zoletsa mitundu ya agalu?

Mayiko ena anayesa. Ku Britain lamulo la 1991 linaletsa mitundu inayi: pit bull terrier, Japanese Tosa, Dogo Argentino ndi Fila Brasileiro. Patapita zaka zoposa 30 kunabwera mtundu wina, XL Bully, ndipo kuyambira pa 1 Febuluwale 2024 ku England ndi Wales n'kulakwa kukhala naye popanda chilolezo. Amene ali nacho ayenera kumuthena ndi kumuyendetsa pachingwe atamutseka kukamwa. Ku Netherlands analetsa pitbull mu 1993, koma mu 2008 anachotsa chiletsocho ataona kuti olumidwa sanachepe. Mukatseka mtundu umodzi, wofuna galu woopseza anthu amangopeza wina.

Kuno kwathu vuto lingakule kuposa apo. Agalu ambiri ndi osakanikirana, wogulitsa pa WhatsApp amatchula dzina lililonse limene lingakweze mtengo, ndipo palibe pepala losonyeza makolo a galuyo. Adzaweruza ndani kuti uyu ndi pitbull, uyu ayi? Malire nawo ali pafupi, Mwami uku, Chanida uko, ndipo galu amadutsa njira zachidule osafunsidwa kanthu.

Sindikunena kuti agalu onse ndi ofanana. Galu wolemera ngati thumba la chimanga, wa nsagwada zogwira osasiya, akalakwitsa kamodzi mwana sadzuka. Galu wotere alibe malo papuloti ya lendi yokhala mabanja anayi, pomwe ana amasewera pabwalo limodzi ndipo geti ndi lata lomangidwa ndi waya. Wofuna kumuweta akhale ndi mpanda wolimba wosadumphika ndi wosakumbika pansi, geti lotseka bwino, ndipo potuluka naye akhale pachingwe m'manja mwa munthu wamkulu, osati mwana wa zaka 10 wotumidwa kuti akamuyendetse. Khonsolo ikaika malamulo okhwima otere pa agalu akuluakulu, ine ndingawombe m'manja. Koma lamulo limene lilipo kale liyambe lagwira ntchito.

Udindo wa mwini galu

Zambia ili ndi lamulo la Control of Dogs Act, Chapter 247, limene limafuna kuti galu alembetsedwe ndi kubayidwa katemera wa chiwewe. Kulembetsa kumachitikira ku khonsolo, kwa a m'tauni ndi ku Chipata City Council, ndipo katemera amaperekedwa ndi a vetenale a mu unduna woona za nsomba ndi ziweto. Kagalu kabayidwe kakakwana miyezi itatu, kenako chaka ndi chaka. Galu wanu akaluma munthu, mlandu ndi wanu: thandizani wolumidwayo kufika kuchipatala, onetsani khadi, musabise galu kapena kumutumiza kumudzi usiku. Akulu anati choipa chitsata mwini.

Ukali wa galu nthawi zambiri umapangidwa pakhomo. Kuba kulipo, ndipo munthu wofuna mlonda wa usiku sitingamudzudzule. Koma galu womangidwa patcheni chachifupi dzuwa lonse, womenyedwa, wotsekeredwa m'kakhola kamdima kuti asazolowere anthu, wodyetsedwa tsabola kapena chamba ati kuti aluse, sasiyanitsa wakuba ndi mwana wobwera kudzagula tomato. Tsiku limene tcheni chidzaduke, adzagwira amene ali pafupi, ndipo kawirikawiri amakhala wa m'nyumba momwemo. Galu woleredwa bwino, wodziwa anthu a pakhomo, amauwabe mlendo usiku.

Njala nayo imatulutsa agalu. Amene amangodalira makoko a nsima ndiye amapezeka pamulu wa zinyalala kumsika wa Kapata kapena kuseri kwa mabutchala, kulimbirana mafupa ndi agalu osadziwika kwawo. Phala la gaga losakaniza ndi kapenta wosweka silidula kwambiri, ndi madzi akumwa pamthunzi. Ngati simungathe kudyetsa agalu asanu, khalani ndi mmodzi. Funsani a vetenale za kuthena wamphongo kapena kutseka wamkazi kuti asabereke, chifukwa wamkazi akakhala pa nyengo yake amakoka gulu la amphongo, amalumana usiku wonse, ndipo ndewu zimenezo ndizo msewu wa chiwewe. Tiana tosafunika musakatitaye kudambo kapena m'mbali mwa Great East Road. Timene tapulumuka ndi timene timadzasanduka agalu opanda mwini.

Kumidzi agalu ndi anzathu a kuuzimba, othamangitsa akalulu ndi kuperekeza anyamata kokumba mbewa dzinja likatha. Amenewa ndiwo amakumana ndi nkhandwe, choncho ndiwo oyamba kufunika katemera. Katemera safooketsa galu, samulanda liwiro kapena fungo la nyama monga ena amanenera.

Chiwewe chikabuka, anthu amafuna kuti agalu onse oyendayenda aomberedwe kapena athiridwe poizoni. Akatswiri a WHO amati kupha agalu mwachisawawa sikuthetsa chiwewe: ofawo amalowedwa m'malo ndi tiana tosabaya, ndipo poizoni amaphanso nkhuku, amphaka ndi agalu obaya kale, n'kuika ana pangozi. Chimene chimadula matendawa ndi kubaya agalu osachepera 70 mwa 100 alionse m'dera, chaka ndi chaka. Ndiyo njira imene mayiko akutsata pofuna kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Mudzi wa agalu 50 ukufunika kubayitsa 35 kapena kuposa, ndipo apa mawu a amfumu ndi nduna zawo amagwira ntchito kuposa chikwangwani chilichonse.

Pa 28 Sepitembala chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, ndipo nyengo imeneyi a vetenale amakonda kuyendera madera kubaya agalu. Mukamva chilengezo kutchalitchi, kumzikiti, kusukulu kapena pawailesi, tengani onse, ndi amphaka omwe, tiana mutinyamule m'dengu. Galu wovuta kugwira abwere ndi mwini wake wamkulu. Mukaphonya tsikulo, ofesi ya a vetenale paboma imakhala yotsegula masiku a ntchito. Khadi la katemera mulisunge m'pulasitiki limodzi ndi makhadi a sikelo a ana, pomwe aliyense wa m'nyumba angalipeze inu mutachokapo.