Nkhani yomwe munaiika pa Facebook, kodi mungaitumizebe kumpikisano? Mafunso ndi mayankho

M'magulu a alembi a pa intaneti muli funso lomwe silisowa mwezi uliwonse, ndipo kawirikawiri limafunsidwa madzi atafika kale m'khosi: munthu watumiza nkhani yake kumpikisano, kenako wakumbukira kuti chaka chatha anaiika pa tsamba lake. Lamulo lomwe limamusowetsa tulo ndi lija lakuti "nkhani ikhale yosasindikizidwapo". Ndasonkhanitsa mafunso omwe alembi ongoyamba kumene amakonda kufunsa pa lamuloli ndi ena oyandikana nalo.

Lamuloli limafuna chiyani kwenikweni?

Magazini ambiri a nkhani zopeka, komanso mipikisano yambiri, amafuna nkhani yomwe sinatulukepo kwina kulikonse. Mkonzi akalandira nkhani yanu, sagula nkhaniyo kuti ikhale yake mpaka kalekale. Amagula mwayi wokhala woyamba kuionetsa kwa owerenga, ndipo nthawi zambiri amapempha kuti kwa miyezi ingapo musaitulutse kwina. Nthawiyo ikatha, nkhani ndi yanu, mutha kuiika m'buku lanu kapena kuigulitsanso ngati yobwereza, ngakhale kuti yobwereza imalipidwa zochepa. Vuto ndi lakuti mwayi wokhala woyamba umakhalapo kamodzi kokha. Zili ngati envulopu yomata: ukaing'amba sungamuuzenso munthu kuti kalatayo sinatsegulidwepo.

Koma sindinalandirepo ndalama, ndipo anaiwerenga ndi anthu 40 okha. Kumeneko n'kusindikiza?

Kwa akonzi ambiri, inde. Sayang'ana ndalama kapena chiwerengero cha owerenga, amayang'ana ngati munthu aliyense wongodutsa akanatha kuitsegula n'kuiwerenga. Nkhani ya pa Wattpad, tsamba loikapo nkhani lomwe linayambira ku Toronto mu 2006, ndi yoonekera kwa aliyense. Chimodzimodzinso yomwe mwaiika poyera pa Facebook.

Komabe malamulo safanana. Ilipo mipikisano yomwe imalemba momveka kuti nkhani yomwe inangokhala pa tsamba la mlembi mwiniwake ndi yololedwa, ilipo ina yomwe imakana ngakhale ndime ziwiri zokha zitaonekapo kwina. Choncho fufuzani chiganizo chomwe chikutanthauzira mawu oti "kusindikiza" m'malamulo a chaka chimenecho, osati a chaka chatha omwe mnzanu anakutumizirani.

Nanga m'gulu lotsekeka, momwe timakonzerana nkhani?

Apa mpamene pali mpumulo. Nkhani yomwe yawerengedwa ndi mamembala okha, kuseri kwa mawu achinsinsi, n'cholinga choti aikonze, akonzi ambiri saitenga ngati yosindikizidwa. N'chifukwa chake magulu akale okonzerana nkhani monga Critters, lomwe Andrew Burt analiyambitsa mu 1995, komanso Scribophile, amafuna kuti munthu alembetse kaye asanaone nkhani za ena.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi magulu omwe ndi otsekeka dzina lokha. Gulu la pa WhatsApp likhoza kukhala ndi anthu mpaka 1,024. Ngati muli anthu 8 odziwana, mukutumizirana nkhani n'kumadzudzulana, palibe chovuta. Koma ngati linki yolowera ikungoyendayenda, ndipo theka la anthuwo simukuwadziwa, gulu limenelo ndi bwalo, si chipinda. Nkhani ikhoza kutuluka m'menemo usiku umodzi wokha, kukacha n'kuipeza pa tsamba la munthu wina, dzina lanu lilipo kapena palibe.

Ndikangoifufuta, adziwa bwanji?

Mwina sadziwa. Ine ndinayesapo. Ndinafufuta nkhani pa tsamba langa Lachitatu, n'kuitumiza kumagazini ina Lachinayi. Patatha miyezi itatu anandiyankha kuti aikonda, ndipo ananditumizira pangano loti ndisaine. M'panganomo munali mzere wakuti ndikutsimikiza kuti nkhaniyi sinaonekepo poyera. Ndisanasaine, ndinakopera chiganizo choyamba cha nkhaniyo n'kuchifufuza pa Google. Inatulukira, yonse, pa tsamba la munthu wina yemwe anaikonda n'kuikopera kalekale ine osadziwa. Ndinalembera mkonzi kumuuza zoona. Anandithokoza, n'kuibweza nkhaniyo. Zinandiwawa kwa sabata yathunthu, koma nditatumizanso ina chaka chotsatira, anaiwerenga popanda kundikayikira.

Kumbukiraninso kuti Wayback Machine ya Internet Archive imasunga masamba ambiri momwe analili kale, ngakhale eni ake atawachotsa. Ngati nkhani inakhalapo poyera, lembani chiganizo chimodzi m'kalata yanu: inali pakuti, kwa nthawi yakuti, ndinaichotsa tsiku lakuti. Mkonzi asankhe yekha.

Ndiye kuti ndisamaike chilichonse pa intaneti?

Ayi, si choncho. Andy Weir ankaika mitu ya buku lake lakuti The Martian pa tsamba lake kwaulere, owerenga n'kumamukonza pa za sayansi. Kenako analigulitsa pa Kindle, ngati buku la pa intaneti, pa mtengo wa masenti 99 a ku America, kampani ya Crown inalisindikiza mu 2014, ndipo filimu yake inatuluka mu 2015. Kampani yosindikiza mabuku ikaona kuti nkhani yakoka kale anthu ambirimbiri, imaiwala zoti inaonekapo.

Koma amenewo ndi ochepa, ndipo zimachitika kwambiri ndi nkhani zazitali zotuluka mutu ndi mutu, zomwe owerenga amadikirira sabata iliyonse. Nkhani yaifupi ilibe mwayi wotero. Chomwe ndimachita ine n'kusankhiratu nkhani isanathe: iyi ndi yopezera owerenga, ipita poyera, iyi ndi ya mpikisano, ikhala m'kompyuta ndi m'gulu lotsekeka mpaka yankho litabwera.

Ndikaika nkhani pa tsamba la kampani, umwini umapita kwa iwo?

Umwini umatsala ndi inu. Malinga ndi pangano la mayiko la Berne, lomwe linasainidwa mu 1886, umwini wa zolembedwa sudikira kulembetsa kulikonse, ndipo umatetezedwa moyo wonse wa mlembi ndi zaka zosachepera 50 iye atamwalira. Chomwe mumapereka kwa Facebook kapena Wattpad pomwe mukuvomera malamulo awo ndi chilolezo choti asunge ndi kuonetsa zomwe mwaikazo.

Dziwaninso kuti lamulo limateteza mawu omwe mwalemba, osati ganizo. Mukauza gulu kuti mukulemba za mapasa omwe anasinthanitsidwa ali makanda, wina n'kulemba yake ya mapasa, simungamuimbe mlandu.

Gulu lathu limakakamiza kuti ndiyambe ndawerenga za ena ndisanaike yanga. N'chifukwa chiyani?

Popanda lamulo limeneli gulu limafa msanga. Aliyense amabwera ndi nkhani yake, palibe wowerenga za mnzake, ndipo pakatha miyezi iwiri mumangotsala malinki. Ku Scribophile, mumapeza mapointi mukapereka ndemanga pa nkhani za ena, n'kuwagwiritsa ntchito poika yanu. Ku Critters nakonso yemwe sakupereka ndemanga nkhani yake siifika kwa owerenga. Mwachidule, kupatsa n'kuika.

Ongoyamba kumene amaliona lamuloli ngati msonkho, koma m'menemo ndi momwe muli sukulu yeniyeni. Cholakwika chomwe simuchiona m'nkhani yanu mumachiona msanga mwa mnzanu, ndipo mukachitchula katatu kwa anthu atatu, dzanja lanu limayamba kuchipewa lokha.

Ndemanga yake ikhale yotani? "Yabwino kwambiri, pitirizani" si ndemanga, ndi moni. Tiyerekeze kuti mnzanu walemba kuti: "Mayiyo anakwiya kwambiri ndipo anamva chisoni chachikulu mumtima mwake mwamuna wake atalowa." Musamuuze kuti chiganizochi n'choipa. Muuzeni zomwe zinakuchitikirani powerenga: apa ndauzidwa kuti wakwiya, koma sindinamuone, pa tsamba lachiwiri, pomwe akupukuta mbale imodzimodziyo kachitatu osamuyang'ana mwamunayo, mpamene ndinachita mantha. Mwamuonetsa pomwe nkhani ili moyo ndi pomwe yagona, ndipo kukonza mwamusiyira mwiniwake. Kumulembera chiganizo chatsopano n'kumulanda nkhani.

Ikafika nthawi yanu yolandira, khalani chete. Musayankhe kuti "chomwe ndimatanthauza n'chakuti", chifukwa kwa woweruza wa mpikisano simudzakhalako kuti mufotokoze. Munthu mmodzi akadandaula za mathero, mwina ndi kukonda kwake. Anthu anayi akapunthwa pa ndime imodzi, ndimeyo ili ndi vuto, ngakhale mankhwala omwe akupereka atakhala olakwika onse.

Mungapereke chitsanzo cha mpikisano womwe umatsata lamulo lija la nkhani yosasindikizidwapo?

Commonwealth Short Story Prize, yomwe inayamba mu 2012. Imalandira nkhani zosasindikizidwa za mawu 2,000 mpaka 5,000 kuchokera kwa nzika za mayiko a Commonwealth za zaka 18 kupita m'tsogolo. Kulowa n'kwaulere, ndipo khomo limatseguka pa 1 September n'kutsekedwa pa 1 November. Pamakhala opambana asanu a zigawo: Africa, Asia, Canada ndi Europe, Caribbean, ndi Pacific. Wa chigawo amalandira mapaundi 2,500, wopambana onse mapaundi 5,000, ndipo kwa zaka zambiri nkhani zawo zinkatuluka pa tsamba la magazini ya Granta. Nkhani yomasuliridwa m'Chingelezi kuchokera ku chiyankhulo china imaloledwa. Jennifer Nansubuga Makumbi wa ku Uganda anapambana mphoto yaikuluyo mu 2014.

Caine Prize, yomwe inaperekedwa koyamba mu 2000, inamangidwa mosiyana: imafuna nkhani yomwe yasindikizidwa kale, ndipo wotumiza ndi wosindikizayo, osati mlembi. Kuiika nokha pa tsamba lanu sikukulowetsani kumeneko, pomwe kukhoza kukutsekerani kwina.

Ndingatumize nkhani imodzi kumagazini angapo nthawi imodzi?

Ngati malamulo awo akulola. Ambiri amalola chifukwa amadziwa kuti amachedwa kuyankha. Ena amakaniratu. Kwina akailandira, tsiku lomwelo lemberani ena onse kuti mwaichotsa.

Wina wandilembera m'gulu kuti nkhani yanga ndi yapamwamba, asindikiza ndikalipira. Ndivomere?

Mlembi wa ku America James D. Macdonald anayambitsa lamulo lomwe alembi amalitcha Yog's Law, lakuti ndalama ziziyenda kupita kwa mlembi. Wosindikiza weniweni amapeza phindu pogulitsa buku kwa owerenga. Yemwe phindu lake amalipeza kwa inu alibenso chifukwa chovutikira kugulitsa. N'zosiyana ndi pomwe inuyo mwasankha kudzisindikizira buku n'kulemba ntchito mkonzi kapena wojambula chikuto, chifukwa apo bwana ndinu ndipo umwini wonse uli m'manja mwanu. Mipikisano ina yodalirika imalipiritsa kandalama kolowera, koma onani oweruza ndi ndani, opambana akale ali kuti, ndiponso ngati malamulo sakunena kuti nkhani zonse zotumizidwa zikhala zawo. Tsamba la Writer Beware, lomwe linayamba mu 1998, limalemba mayina a makampani ndi anthu odyera alembi masuku pamutu. Fufuzani dzinalo kumeneko musanayankhe.

Nanga ndikathandizidwa ndi mapulogalamu a AI, aja amalemba okha?

Werengani malamulo, chifukwa magazini ambiri anawonjezera mzere wokana. Mu February 2023 Neil Clarke, mkonzi wa magazini ya Clarkesworld, anatseka kaye kulandira nkhani atalandira zoposa 500 zolembedwa ndi makina m'mwezi umenewo, ndipo otumiza zoterezi amawaletsa kutumizanso. Sungani zolemba zanu zoyambirira, zofufutafufuta zija, pamodzi ndi ndemanga za anzanu a m'gulu ndi masiku ake. Mkonzi akakayikira, zimenezo ndi zomwe mungamutumizire.