Ndondomeko ya WCAG: mafunso ndi mayankho kwa omanga mawebusaiti ku Zomba

Achinyamata ambiri amene akumanga mawebusaiti a masukulu, mipingo, malo ogona alendo ndi mabungwe kuno ku Zomba amamva dzina la WCAG koyamba pamene wowapatsa ntchito walilemba m'mgwirizano. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu wotere amayamba kudzifunsa.

Kodi WCAG n'chiyani, ndipo anailemba ndani?

WCAG (Web Content Accessibility Guidelines) ndi ndondomeko yofotokoza mmene tsamba la pa intaneti liyenera kumangidwira kuti munthu wosaona, wosamva kapena amene manja ake sagwira bwino athe kuligwiritsa ntchito payekha, popanda kuitana mwana kapena mnansi kuti amuwerengere. Imalembedwa ndi bungwe loona za miyezo ya mawebusaiti la W3C, lomwe Tim Berners-Lee, amene anayambitsa mawebusaiti, anakhazikitsa mu 1994. Yoyamba inatuluka mu 1999, WCAG 2.0 mu 2008, WCAG 2.1 mu 2018, ndipo WCAG 2.2 mu 2023. Ili ndi milingo itatu, A (wotsika), AA ndi AAA (wapamwamba), ndipo mlingo umene mabungwe ambiri amafuna ndi wa AA.

Kodi ndondomekoyi ikutikhudza ife Amalawi?

WCAG siinalembedwe ndi Nyumba ya Malamulo yathu. Komabe dziko la Malawi linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo ndime 9 ya panganolo imatchula intaneti mwachindunji pakati pa zinthu zimene anthuwa ayenera kuzifikira. Kalembera wa 2018, amene anachitidwa ndi ofesi ya National Statistical Office yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali, komanso kuti m'dziko muno muli anthu achialubino 134,636, omwe ambiri a iwo amavutika kuona. Anthu amenewa amafunsira malo kusukulu, amafuna ntchito ndipo amalipira mabilu monga wina aliyense.

Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chiyani?

Ine ndimaona kuti ndi chidziwitso chojambulidwa. Wina amasindikiza kalata, abwana amasaina ndi kudinda chidindo, kenako kalatayo imajambulidwa ndi foni n'kuikidwa pa tsamba ngati chithunzi kapena PDF. Pulogalamu yowerengera anthu osaona, monga TalkBack pa Android, VoiceOver pa iPhone kapena NVDA pa kompyuta, ikafika pamenepo siipezapo mawu alionse, moti wophunzira wosaona amene akufuna kudziwa tsiku lomaliza kulipira fizi amangomva kuti pali chithunzi basi. Njira yake siifuna ndalama: lembani mawu omwewo pa tsamba mu HTML, chilankhulo chomangira masamba a pa intaneti, ndipo kalata yodindayo ikhale yongowonjezera. Chithunzi chilichonse chokhala ndi uthenga chikhale ndi mawu ochifotokoza mu alt (malo a mu HTML olembamo kufotokozera kwa chithunzi), koma chongokongoletsa chisiyidwe ndi alt yopanda kanthu kuti pulogalamuyo ichidumphe. Kanema wokhala ndi mawu akhale ndi zolembedwa pansi pake kuti osamva atsatire.

Nanga mitundu ndi kukula kwa zilembo?

Pa mlingo wa AA, kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi mtundu wakumbuyo kwake kuyenera kufika 4.5:1, ndipo kwa zilembo zazikulu 3:1. Munthu athe kukulitsa mawu kufika 200 peresenti popanda china kusowa. Zilembo zotuwa pa malo oyera zimaoneka zokongola pa laputopu m'chipinda, koma tulukani nazo masana pa depoti ya Zomba, pa foni yosweka galasi imene mwini wake wachepetsa kuwala pofuna kusunga batire, muona kuti ngakhale wa maso abwino akutsinzinira. Ndiponso mtundu wokha usakhale chizindikiro. Ngati malo ena pa fomu alakwika, lembani kuti nambala ya foni yaperewera, osangowafiiritsa.

Kodi tsamba la m'Chichewa lili ndi zofunika zapadera?

Zilipo ziwiri. Chilankhulo cha tsamba chiyenera kulembedwa mu HTML, ndipo chizindikiro cha Chichewa ndi ny, kutanthauza kuti mulembe lang="ny". Chachiwiri, gwiritsani ntchito UTF-8, njira yosungira zilembo mu kompyuta, kuti chilembo cha ŵ chisasanduke timabokosi.

Kodi tsamba liyenera kugwira pa browser iliyonse?

Silingaoneke mofanana paliponse, ndipo zimenezo si vuto. Chofunika n'chakuti ntchito yeniyeni ya tsambalo, kaya kuwerenga chidziwitso kapena kutumiza fomu, itheke pa foni yotsika mtengo komanso pa netiweki yofooka. Anthu ena amasunga bandulo potsegula masamba ndi browser ya Opera Mini, yomwe pa njira yake yopulumutsa kwambiri data imayamba yakonza tsambalo pa makompyuta a kampaniyo, moti JavaScript (malangizo ochititsa zinthu pa tsamba) yambiri siigwira monga mwini wake anafunira. N'chifukwa chake batani liyenera kukhala button weniweni wa HTML osati div (bokosi wamba) yovekedwa mitundu, chifukwa button imadziwika ndi browser iliyonse, kiyibodi komanso pulogalamu yowerengera osaona. WCAG 2.2 inawonjezera kuti malo odina asachepere mapikiselo 24 m'litali ndi m'lifupi, pokhapokha ngati atalikirana mokwanira.

Ndingadziwe bwanji kuti tsamba langa lakwaniritsa zofunikazi?

Yambani ndi Lighthouse, pulogalamu yoyeza masamba yomwe ili kale mu Chrome, koma musakhutire ndi nambala imene yakupatsani, chifukwa makina amatha kuona kuti alt ilipo koma sangadziwe ngati mawu ake ali omveka. Kenako ikani mausi pambali ndi kuyenda tsamba lonse ndi mabatani a Tab ndi Enter a pa kiyibodi, mukuona ngati malo amene mwafika akuonekera bwino. Tsegulani TalkBack ndi kudzaza fomu yanu mpaka kuitumiza. Pomaliza pemphani munthu amene amagwiritsa ntchito zipangizozi tsiku ndi tsiku, monga ophunzira osaona a ku University of Malawi, kuti ayese tsambalo. Mumulipire pa ntchitoyo, ndipo ndalama yake muiike mu bajeti pamene mukugwirizana mtengo ndi mwini webusaiti.