Batire Limodzi Silingaziziritse Galimoto Usiku Wonse

Chaka chilichonse Okutobala akafika, dzuwa likayamba kuswa mtengo, pamalo anga ogwirira ntchito kuno ku Zomba pamabwera anthu amene agula minibasi yakale, achotsamo mipando n'kuikamo bedi, kuti azigonamo akapita ku Liwonde, ku Mangochi kapena m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, m'malo ena amene nthambo za ESCOM sizinafike. Pempho lawo limakhala limodzi: "Bambo, ndili ndi batire la 100Ah ndi panelo ya sola, mundilumikizire eyakoni." Eyakoni ndi makina oziziritsa mpweya. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi kuti batire limodzi silikwanira, ndipo ambiri akamva yankho amaganiza kuti ndikufuna kuwagulitsa katundu wambiri.

Tiwerengere limodzi. Eyakoni ya 12V yopangidwira galimoto zoterezi, kompresa yake (pampu imene imabweretsa kuzizirako) ikamagwira mwamphamvu, imakoka ma amp pakati pa 40 ndi 60. Titenge 50. Batire la asidi la 100Ah (Ah ndi muyezo wa magetsi osungidwa m'batire: ma amp kuchulukitsa ndi maola) siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna kuti likhalitse, kutanthauza kuti muli ndi 50Ah yokha, yomwe ndi ola limodzi la mpweya wozizira. Usiku wa maola asanu ndi atatu, ngakhale kompresa itamagwira theka lokha la nthawiyo, mufunika 200Ah. Amenewo ndi mabatire anayi a asidi, olemera makilogalamu oposa 100 onse pamodzi, kapena batire la lithium la mtundu wa LiFePO4 la pafupifupi 250Ah, popeza limeneli limalola kutsitsidwa kwambiri osawonongeka. Mtengo wake ndi woŵaŵa, sindikukana, koma masamu ake ndi amenewo.

Kukacha, mphamvu imene mwamwa usiku iyenera kubwerera. Pa 12V, 200Ah ndi mawati 2,400 a ola limodzi. Denga la minibasi limakwana mapanelo a mawati pafupifupi 400, ndipo pa tsiku la dzuwa labwino amabweza ochepera 2,000, chifukwa panelo yogonekedwa pa denga, yatentha ndiponso yadzala fumbi, situlutsa zimene zinalembedwa kumbuyo kwake. Palinso vuto lina limene anthu amalizindikira atafika kale kutchire: mukaimika galimoto pamthunzi kuti isatenthe, mapanelo sagwira ntchito, ndipo mukaiimika padzuwa kuti mabatire adzaze, mkati mumasanduka uvuni umene eyakoni ilimbane nawo madzulo. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti mabatirewo azidzazidwanso ndi injini poyenda, kudzera pa chaja ya DC-DC, imene imaika malire pa mphamvu yopita ku batire. Lithium yolumikizidwa mwachindunji ku alternator, chipangizo cha pa injini chimene chimapanga magetsi, imakoka mphamvu mopanda malire mpaka alternator kupsa.

Chimene chandilembetsa nkhaniyi, komabe, si masamu. Ndi bambo wina wachikulire amene anabwera ndi minibasi yake, ndinamuwerengera zonsezi papepala, iye n'kunena kuti akaganize. Anapita kwa mnyamata wina wa m'mphepete mwa msewu amene anamulonjeza kuti ntchito yomweyo aichita ndi ndalama zochepa kwambiri. Mnyamatayo anaika eyakoni ya m'nyumba ya 230V, inveta yotchipa (kabokosi kosandutsa magetsi a batire kukhala a 230V), mabatire awiri olizira injini, ndipo zonsezi anazilumikiza ndi waya wa 2.5mm² amene timaika m'makoma a nyumba, popanda ngakhale fyuzi imodzi yodula magetsi akapyola muyezo. Waya ameneyo ndi wokwanira pa 230V, koma kumbali ya batire, kumene kumadutsa ma amp 70 kapena 80, amafunika waya wonenepa ngati chala, wa 25mm² kapena kuposerapo malinga ndi kutalika kwake.

Patapita nthawi bamboyo anabweranso akudandaula kuti inveta ikungolira ndipo m'galimoto mukumveka fungo la pulasitiki. Nditasuzumira pansi pa bedi ndinapeza chikopa cha waya chitafewa, china chitada kale. Ndinamuuza kuti, "Bambo, musayatsenso makinawa mpaka tisinthe waya ndi kuika fyuzi pafupi ndi batire." Anayankha kuti abwera kumapeto kwa mwezi akalandira ndalama. Mwezi usanathe anapita kunyanja ndi mdzukulu wake, usiku kunatentha, anayatsa, ndipo wayayo anayaka pansi pa matiresi amene mwanayo anagonapo. Anatuluka onse amoyo, koma dzanja la agogowo linapsa pokoka matiresi. Mpaka lero ndimadzifunsa chifukwa chimene sindinamasulire waya ameneyo pa batire tsiku lomwelo, kapena kumuikira fyuzi mwaulere, chinthu chotsika mtengo kuposa mafuta a ulendo wa ku Liwonde. Ndinadalira kuti mawu anga akwanira.

Choncho mukamva fungo la pulasitiki, mukagwira waya n'kupeza akutentha, kapena inveta ikamazima kompresa ikangoyamba, musadikire malipiro a mwezi. Masulani batire lero. Ndipo mmisiri aliyense amene akulonjeza kukulumikizirani eyakoni osakufunsani kuti mudzaiyatsa maola angati, osayeza kutalika kwa waya, osatchula fyuzi, muchokereni ngakhale atakhala mbale wanu. Batire lolizira injini linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa, ndipo mukamalitsitsa usiku uliwonse limafa m'miyezi yochepa. Amene akukugulitsani ngati batire la sola akudziwa zimenezi.

Chenjeraninso ndi timabokosi tothiramo madzi timene timagulitsidwa ndi dzina la eyakoni. M'kati mwake mulibe kompresa, muli fani yokha yopemerera pa kansalu konyowa. M'chilimwe chouma timathandizako pang'ono, koma mvula ikayamba, mpweya ukakhala ndi chinyezi, timangowonjezera chinyontho m'galimoto yotsekedwa, zofunda n'kuyamba nkhungu. Ena mabatire akawathera amaliza injini kapena jenereta pafupi ndi zenera n'kugona. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Pa chimenechi palibe kukambirana.

Ndisanagulitse eyakoni kwa munthu, ndimayamba ndafunsa kumene amakonda kugona. Amene amakwera ku Chawe, pamwamba pa phiri lathu, amafuna bulangete ngakhale mu Okutobala, ndipo ndalama zake angaziwononge pachabe. Amene amatsikira kuchigwa cha Shire ndiye ali ndi vuto lenileni, koma nayenso ndimamuuza kuti ayambe wapaka denga utoto woyera, waika zotchinga kutentha pakati pa chitsulo ndi matabwa a m'kati, waphimba magalasi masana, ndiponso waika fani yotulutsa mpweya wotentha padenga, imene imakoka ma amp awiri kapena atatu okha. Akayesa zimenezi ulendo umodzi n'kuona kuti sakugonabe, abwere tisankhe eyakoni ya DC, yotenga magetsi ku batire popanda inveta, makamaka ya 24V ngati n'kotheka, chifukwa pa 24V ma amp amatsika ndi theka ndipo mawaya satentha msanga. Pobwera atenge muyezo wa denga lake ndi chiwerengero cha maola amene akufuna kuzizira.