Duwa lachikasu la m'dambo: yang'anani tsamba musanagwire

Chaka chilichonse Meyi akangofika, anthu kuno ku Indiana, m'dziko la America, amanditumizira zithunzi za duwa lachikasu lomera m'madambo, funso lake lomwelomwelo: "Kodi si chija chowotcha khungu? Ndizule?" Musazule ayi. Nthawi imeneyi kawirikawiri chimakhala Zizia aurea, chomwe eni dziko amachitcha golden alexanders. Kwawo n'konkuno, ndi cha m'banja la karoti, ndipo mbozi za gulugufe wa black swallowtail zimakulira pa masamba ake. Chimene mukuopacho ndi wild parsnip, mlendo wochokera ku Ulaya ndi ku Asia.

Zonse ziwiri maluwa ake ndi achikasu, otambasuka ngati ambulera, n'chifukwa chake chithunzi cha duwa lokha chimasokoneza ngakhale pulogalamu ya pafoni. Tsikani pa tsamba. La Zizia limagawika patatupatatu, m'mphepete muli timano ting'onoting'ono, ndipo chomeracho sichikonda kupitirira mita imodzi. La parsnip ndi lalitali, timasamba tandandalika uku ndi uku ngati la tomato. Tsinde lake ndi lonenepa, la mizere yozama, limafika mita ndi theka, ndipo limachita maluwa mochedwerapo, mu Juni ndi Julayi, makamaka m'mbali mwa misewu.

Amene amazula Zizia amandikwiyitsa, koma amene amandisowetsa tulo ndi mayi wina amene analakwitsa mbali inayo. Anathyola parsnip dzuwa likuswa mtengo, mikono ili pamtunda, poyesa ndi golden alexanders. Utomoni wake uli ndi mankhwala otchedwa furanocoumarins, omwe akakhala pakhungu n'kuwombedwa ndi dzuwa amawotcha ngati madzi owira. Tsiku limenelo sanamve kanthu. Matuza anatuluka patapita masiku awiri. Wina pa WhatsApp anamuuza kuti apake mankhwala otsukira mano ndi kuboola matuzawo ndi singano, iye n'kumvera, n'kukhala sabata yathunthu osapita kuchipatala. Pomwe ankapita mabala anali atatukusira, ndipo zipsera zakuda zinakhala miyezi yambiri.

Utomoni ukakugwerani, sambani pomwepo ndi sopo ndi madzi, phimbani malowo kuti asaone dzuwa kwa masiku awiri. Matuza musaboole, musapakepo za kukhitchini kapena zimene akugulitsani ochenjera a pa intaneti. Akakhala aakulu, kapena utomoni ukalowa m'maso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo ana musawatume kukathyola maluwa achikasu m'mbali mwa msewu mu Julayi.