Kuyengula mafuta: m'mphika, mu mkaka ndi m'thupi

Mukaphika nyama yonona, msuzi ukayamba kubwata mumaona timadontho tonyezimira tikusonkhana pamwamba. Kutapa mafuta amenewo ndi chipande n'kuwaika pambali ndiko kuyengula. Mawu omwewa amanenedwanso pa mkaka: zonona zikayandama amaziyengula, wotsalawo n'kukhala mkaka wopepuka. Musasokoneze ndi kuyenga. Woyenga amasungunula kuti apeze mafuta, pomwe woyengula amawachotsa.

Mafuta ambiri a nyama ndi aja amalimba akazizira. Munthu akamawadya mowirikiza, kolesiterolo woipa, amene ndi mtundu wina wa mafuta oyenda m'magazi, amachuluka n'kumamatirira m'mitsempha, njira ya magazi n'kumachepa pang'onopang'ono. Mapeto ake akhoza kukhala matenda a mtima kapena sitiroko. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mafuta a mtundu umenewu asapitirire 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku limodzi. Dziwaninso kuti galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalore (muyezo wa mphamvu za m'chakudya) 9, pomwe ya shuga ili ndi 4 okha.

Ngati muli ndi firiji, ikanimo msuziwo ugone. M'mawa mupeza mafuta atauma pamwamba ngati phula, mungowabenthula ndi supuni. Musanaphike, dulani mafuta oyera a m'mbali mwa nyama, nkhuku muisende khungu. Koma chonde, mafuta mwayengulawo musakazingirenso ndiwo zina, chifukwa mwatero mwawabwezera m'mbale.

Pa ana aang'ono nkhani ndi ina, ndipo apa ndikupempha makolo amvetsetse. Mwana wosakwana zaka 2 asapatsidwe mkaka woyengula. Ubongo wake ukukula ndipo ukufuna mafuta. Thupi silingathenso kuyamwa bwino mavitamini A, D, E ndi K popanda mafuta. Ngakhale wamkulu safunika kusala mafuta onse. A nsomba ndi ambiri ochokera ku mbewu ndi abwino akakhala a muyezo.

Palinso kuchotsa mafuta m'thupi mwenimwenimo, opaleshoni yotchedwa liposuction. Dokotala amaboola khungu pang'ono, amalowetsa kachubu, makina n'kuyamwa mafuta a pansi pa khungu, kawirikawiri pamimba, m'chiuno kapena m'ntchafu. Maonekedwe amasinthadi. Koma mafuta oopsa kwambiri, aja amakuta matumbo ndi chiwindi m'kati mwa mimba, kachubuko sikafikako. Choncho opaleshoniyi si mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a kunenepa kwambiri, ndipo munthu akapanda kusintha kadyedwe, mafuta amabwereranso. Ili ndi zoopsa zake: kutaya magazi, bala kulowa tizilombo, ndi magazi kuundana m'mitsempha. Amene wachitidwa opaleshoniyi akayamba kubanika, kumva kupweteka pachifuwa, kutentha thupi kapena kutupa mwendo umodzi, athamangire kuchipatala nthawi yomweyo.