Kufika ku loji yapamwamba ku Likoma pa Ilala

Pa ntchito yanga yokonzera anthu maulendo, funso lomwe limabwera kawirikawiri ndi ili: kodi munthu angakwere Ilala, n'kutsika pa Likoma, n'kukagona ku loji yodula ngati Kaya Mawa? Yankho ndi lakuti inde, ndipo ine ndimaona kuti ndi njira yokoma kuposa ndege. Koma pali zinthu ziwiri zosagwirizana zomwe muyenera kuzigwirizanitsa nokha. Loji imawerenga masiku, pomwe sitima imamvera nyanja ndi katundu.

Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Sabata iliyonse imachoka ku Monkey Bay kupita ku Chilumba n'kubwerera, ikuima m'malo monga Nkhotakota, Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay. Si sitima ya alendo. Ntchito yake yeniyeni ndi kunyamula anthu a m'mbali mwa nyanja, matumba a chimanga, simenti, malata, makireti a zakumwa ndi usipa wouma. Pamalo pomwe palibe doko imaponya nangula patali ndi gombe, ndipo maboti ake ang'onoang'ono ndiwo amapita uku ndi uku kutsitsa ndi kukweza. Katundu akachuluka pamalo amodzi, nthawi yofikira malo onse otsatira imasuntha. Ndiye amene walipira masiku atatu ku loji akhoza kufika pakati pa usiku wa tsiku loyamba, chakudya chamadzulo chitadutsa kalekale, koma ndalama ya tsikulo ndi yomweyo.

Chifukwa chake ndimauza aliyense kuti asapanikize masiku. Musakonze zoti mutsike Ilala m'mawa n'kukakwera ndege ku Lilongwe madzulo a tsiku lomwelo. Siyani tsiku lapadera pobwerera, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti pomwe mwera umakuntha. Mphepo imeneyi imachokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo pofika pakati pa nyanja imakhala itautsa mafunde oti ngakhale ozolowera amakhala chete. Seputembala ndi Okutobala nyanja imakonda kudekha, ngakhale kutentha kwake n'kosaneneka.

Tsono za loji. Ambiri amadabwa ndi mitengo yake, yomwe imatchulidwa m'madola, pomwe chilumbacho n'chaching'ono, cha masikweya kilomita pafupifupi 18, chodzaza miyala ndi milambe. Kudulako kumachokera pomwepo. Dothi la Likoma ndi lamchenga, limabereka chinangwa koma silingadyetse anthu onse, kotero zakudya zambiri zimachita kuwoloka nyanja. Magetsi a pachilumbachi sachokera ku Nkula. Ndi a majenereta ndi a dzuwa. Botolo la vinyo, gasi wophikira, sopo wochapira nsalu zogonera, ngakhale kachitsulo kokonzera mpope, zonse zimabwera pamadzi kapena pa ndege yaing'ono. Wophika amaitanitsa zinthu atawerenga mitu ya alendo omwe akuyembekezeka sabata imeneyo.

Apa mpamene anthu obwera pa boti lawolawo, kapena lobwereka ku Nkhata Bay, amalakwitsa. Amaona gombe loyera, maambulera ndi mipando yogonera, n'kungokocheza kuti adye nkhomaliro. Anthu asanu ndi mmodzi osayembekezeka ndi ambiri kwa khitchini yotere. Imbani foni kusanache, nenani kuti mulipo angati, funsani ngati akulandira alendo ongodzacheza masana, ndiponso pomwe mungaponye nangula. Mozungulira Likoma muli miyala yobisala pansi pa madzi, ndipo asodzi amatchera maukonde usiku. Woyendetsa boti wanzeru amafika dzuwa likadali pamwamba, pomwe madzi amaonetsa mwala uliwonse, ndipo amafunsa asodzi a pamalopo asanazimitse injini. Akakuuzani kuti lero loji yadzaza, si mwano. Amene ali mkatimo analipira ndalama zambiri kuti akhale pa phee.

Pa Ilala penipeni, sungitsani kabini msanga chifukwa zipinda zake n'zochepa. Zikatha, pali malo a pamwamba pomwe pali bala, ndipo anthu amagona panja pa matiresi. Kumazizira m'bandakucha, tengani juzi. Potsika, chikwama cha matayala chimasanduka mtolo wovuta: mumatsetsereka pa makwerero, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde, wina akukupatsirani thumba la ufa pamutu, ndipo nthawi zina mumamaliza ulendo mukuyenda m'madzi ofika m'mawondo. Foni, pasipoti ndi ndalama zikhale m'pulasitiki womanga bwino. Uzani a ku loji kuti mukubwera pa sitima, osati pa ndege, kuti adziwe kokakuchingamirani, ndipo muziwatumizira uthenga pa doko lililonse pomwe netiweki yagwira.

Mukafika, musangodzitsekera ku loji. Tchalitchi cha St Peter's, chomwe amishoni a mpingo wa Anglican a UMCA (Universities' Mission to Central Africa) anayamba kumanga mu 1903, n'chachikulu modabwitsa poyerekeza ndi chilumbacho, ndipo mapemphero a Lamulungu ndi oyenera kudzukira. Ku malo a ntchito zamanja otchedwa Katundu, amayi amapanga zokongoletsa m'nyumba kuchokera ku magalasi otayidwa ndi mikanda. Mapiri omwe mumawaona kum'mawa ndi a ku Mozambique, pakuti Likoma ndi Chizumulu ndi nthaka ya Malawi yozunguliridwa ndi madzi a dziko limenelo. Mukafuna kuwolokera ku Cobué, kugombe la Mozambique, dziwani kuti mukutuluka m'dziko, ndiye pasipoti iyenera kudindidwa mbali zonse ziwiri. Tenganinso makwacha okwanira kuchokera kumtunda, chifukwa wa njinga yamoto ndi mayi wogulitsa nsomba pamsika salandira khadi.